Kambale Koyang'ana Kumanda

Nyumba zathu za aphunzitsi zili mu mzere umodzi ndi za ogwira ntchito pachipatala chaching'ono cha m'dera lathu, kuseri kwa Mtakataka, ukapatuka pa msewu wa tala n'kulowera cha kumapiri. Malowo ndi otsika, ndipo netiweki inkafika ngati mlendo wamanyazi, kungosuzumira pakhomo n'kubwerera. Ukafuna kutumiza uthenga unkakaima pachulu cha kuseri kwa zimbudzi za sukulu, dzanja m'mwamba, dzuwa likukuswa pamutu. Ngakhale ahedi athu, munthu wa tayi tsiku ndi tsiku, ankakwera chulu chomwecho, ana akuseka chamseri.

Amene anatopa nazo poyamba anali anamwino oyandikana nane nyumba. Ankachita maphunziro a pa intaneti, ndipo mayeso akayandikira ankakwera minibasi kukafuna netiweki kwina. Iwo ndi amene anatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa mango n'kutifotokozera za wayifayi yogawana. Mwini shopu wina wa ku Mtakataka anali ndi intaneti yamphamvu ndipo anavomera kutigawirako. Chofunika chinali kuimika mlongoti wautali ndi kambale koyera pamwamba pake, kolandira mphamvuyo kuchokera ku kambale kanzake ka padenga la shopu. Kuchoka apo waya atsike kulowa m'kabokosi ka m'nyumba, kabokosiko kazimwaza netiweki mzere wonse. Tinasonkherana mosavuta, chifukwa aliyense chulu chinali chitamukwana.

Tinagwirizana kuti mlongoti uimikidwe pa nyumba yanga popeza inali pakati pa mzere. Ndinavomera monyadira. Ndinkaona ngati ndabweretsa chitukuko kwathu, chifukwa sukulu imeneyi ili m'dera lomwe ndinabadwira. Mudzi wa mayi anga uli pafupi, ukaima pabwalo lake umaona madenga athu.

Mmisiri anabwera mwezi wa Okutobala, kukutentha kosati masewera. Mapaipi tinali titawotcheretsa ku Golomoti, ndi tizitsulo topondapo m'mbali mwake. Atauimika n'kuukoka ndi mawaya kuti usagwe, anakwera mpaka kunsonga, n'kuyamba kutembenuza kambale kaja pang'onopang'ono. Dzanja lina anagwira foni, akuiloza kutsogolo, akuyang'anitsitsa. Anakhalitsa kumwambako. Ife pansi tinkangomulimbikitsa, ndipo ine ndinali patsogolo kufuula. Sindinadzifunse kuti pakati pa nyumba yanga ndi Mtakataka pali chiyani. Pali munda wa sukulu, kenako nkhalango ya mitengo italiitali imene palibe amene amatolamo nkhuni. Ndi manda a mudzi wathu, ndipo kumandako n'kumene kuli dambwe, malo obisika a gule wamkulu, kumene munthu wosalowa gule sapondako ngakhale kusuzumirako.

Madzulo ake netiweki inagwira. Mafoni analira m'nyumba zonse, anamwino anavina pakhonde, ndipo akazi anga anaonana nkhope ndi mchemwali wawo wa ku Joni. Ndinagona ndikudziona ngati munthu.

Patapita masiku ochepa akazi anga anabwera kuchokera kumjigo nkhope ili yakugwa. Anati atangofika, amayi onse anangoti zii, ndipo wina anasuntha ndowa yake. Kusukulu ana ena a m'mudzi mwathu anasiya kundiyang'ana m'maso. Ndinkamva kuti pali kanthu, koma palibe anafuna kunditsina khutu. Kenako Loweruka masana ndinaona atsibweni anga akubwera m'kanjira ka m'munda, ndodo m'manja, atavala jekete lawo lofiirira ngakhale kunja kunali ng'anjo.

Atsibweni amenewa, mlongo wawo wa mayi anga, ndi amene anandilera. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Akalakwa, anthu safunsa bambo ake, amafunsa atsibweni ake, eni mbumba. Anali mmodzi wa akuluakulu a kudambwe. Ndili mnyamata ankafuna ndilowe gule, koma mayi anga, munthu wa tchalitchi, anakana kwamtuwagalu. Anakangana, atsibweni n'kugonja, ndipo m'malo mondisungira chakukhosi anandiphunzitsa sukulu ndi mpunga wa m'munda mwawo ku Bwanje. Chinthu chimodzi ankachinena kawirikawiri, mwina moseka mwina ayi: iwo za bokosi lonyezimira analibe nazo ntchito, bola tsiku lawo likadzafika anzawo adzawaperekeze ndi gule, monga anaperekezera atsibweni awo.

Ndinawatulutsira mpando, anaukana. Anaima pansi pa mlongoti n'kuyang'ana m'mwamba.

"Mphwanga, chimenechi chikuyang'ana kuti?"

"Ku Mtakataka, atsibweni. Kumeneko kuli chinzake."

"Ine maso anga akalamba. Iwe amene uli ndi maso, ima apa undiuze chimene ukuona kutsogoloku."

Ndinaima pamene anandilozera. Mitengo ya kumanda inali ndendende kutsogolo kwa kambale kaja.

"Si kamera, atsibweni. Kamangolandira netiweki basi."

"Nanga mlendo wako uja, wosalowa, wochokera kosadziwika, anakwera pamwamba kupitirira mitengo n'kuloza foni kumanda. Ankajambula mbalame? Mudzi wonse unamuona, iwe uli pansi kumuombera m'manja."

Ndinafuna kuseka, koma nkhope yawo inandiletsa. Anandiuza kuti anzawo anawaitana. Anthu anali ataonapo pa mafoni zithunzi za kudambwe la kwina, zojambulidwa mobisa, ndipo nkhani inali m'kamwam'kamwa yoti mphunzitsi waika diso pamwamba pa nyumba yake kuti azigulitsa zinsinsi kwa azungu odutsa popita ku Mua. Ndipo popeza mphunzitsiyo ndi mwana wa mlongo wawo, ndiye kuti iwo ndi amene anamuuza poloza.

"Andiuza kuti ndisapondeko kudambwe mpaka chimenechi chitachoka," anatero atsibweni. "Ndipo ati ndikafa chikadali pompo, pamaliro anga ng'oma sidzalira. Ati adzandiimbire a tchalitchi chako."

Mawu omalizawo anawanena motsitsa, akuyang'ana ndodo yawo. Ndinali ndisanawaonepo atsibweni anga ali ndi mantha. Tsiku limenelo ndinawaona, ndipo ndinachita manyazi kwambiri.

Ndinaimbira mmisiri uja. Anati kutembenuza kambale ngakhale pang'ono ndiye kuti netiweki yathera pomwepo, ndipo kusamutsira mlongoti pa nyumba ina sikungathandize, chifukwa mzere wathu wonse umayang'ana Mtakataka kudzera pamwamba pa mitengo yomweyo. Ananena mopepuka ngati za nyengo, foni n'kudula.

Msonkhano wathu wa eni nyumba unali wotentha. Mphunzitsi mnzanga wa masamu, munthu wobwera, anati tisalole kuopsezedwa ndi umbuli, tikanene kupolisi. Ndinapsa mtima. Ndinamufunsa ngati apolisiwo adzabwere kudzaimba ng'oma pamaliro a atsibweni anga. Iye anandiyankha kuti mlongoti si wanga ndekha, ndipo apo sananame. Mayeso omaliza a anamwino anali pafupi, ndipo ndinkadziwa kuti ndikagwetsa mlongotiwo ndagwetsa ndi chaka chawo chonse. Potsiriza anamwinowo anati tiitane akuluakuluwo adzaone okha. Ndinavomera, ngakhale sindinkadziwa kuti tidzawaonetsa chiyani.

Anabwera Lamlungu masana, amuna angapo achikulire ndi msodzi wina wa thupi lopepuka. Atsibweni anakhala pambali paokha, ngati munthu wozengedwa mlandu. Ndinafotokoza zonse zomwe ndinkadziwa. Ndinatulutsa katoni yomwe kambale kanabweramo, ndinawaonetsa kabokosi ka m'nyumba, ndinawapatsa foni yanga kuti afufuze ngati muli chithunzi cha kumanda. Mkulu amene ankawayankhulira, bambo wamfupi wa mawu ofatsa, anaitembenuza foniyo n'kuloza kakamera ka kumbuyo.

"Aphunzitsi, diso la ichi ndi laling'ono ngati njere ya mapira, koma chimaona munthu ali kutsidya la msewu. Inu mukuti chachikulu chija chilibe diso. Munachipanga ndinu?"

"Ayi, bambo."

"Munayamba mwachitsegula m'kati?"

"Ayi."

"Ndiye mukutiuza zomwe munauzidwa."

Mnzanga wa masamu anayamba kudzuka kuti ayankhule, anamwino n'kumukoka malaya.

Kenako atsibweni anayankhula osayang'ana munthu.

"Mwanayu akuti chinthu chake chimangomva. Anzanga mukuti chimaona. Kumva sitinaletsepo munthu. Ng'oma zikalira amamva amayi, amamva ana, amamva abusa m'tchalitchi. Chomwe timaletsa n'kuona. Bwanji tichimange kumaso? Ngati mwanayu akunena zoona, chizimvabe. Ngati akunama, chifa, ndipo tonse tidziwa."

Mtima wanga unali m'mwamba. Sindinkadziwa ngati mphamvu ya netiweki imadutsa pansalu, ndipo mmisiri sindikanamuimbira pamaso pawo. Chikanafa, ndikanakhala wabodza, atsibweni n'kukhala mwini mbumba wa wabodza. Akazi anga anatulutsa thumba la mpunga lopanda kanthu, lomwe atsibweni omwewo anatibweretsera pokolola. Msodzi uja, amene anali wolowa gule ndipo kuyang'ana kumanda sikunali mlandu kwa iye, anakwera ngati nyani, n'kuveka kambale thumbalo, n'kumanga ndi malegeni.

Maso onse anatembenukira kwa anamwino. Anatsegula foni n'kuimbira pa vidiyo mwana wawo wamkazi wa ku Lilongwe. Foni inazungulira, inazungulira. Ine thukuta linali kamukamu. Kenako nkhope ya mtsikanayo inatulukira, mawu ake n'kumveka bwalo lonse akupatsa mayi ake moni.

Mkulu wamfupi uja anasuzumira pafoniyo, n'kuyang'ana thumba m'mwamba, n'kugwedeza mutu.

"Kumva kazimva. Koma tamvetsetsani, aphunzitsi. Ife tamanga lero lokha. Kuyambira mawa udindo ndi wa mwini nyumba. Tsiku lomwe tidzaone chili pamtunda, tidzadziwa kuti mwatiyesa ana, ndipo mawu athu kwa atsibweni anuwa adzakhala omwe aja."

Miyezi yotsatira inayenda bwino. Anamwino analemba mayeso awo ali m'nyumba. Ahedi anasiya kukwera chulu. Kukagwa mvula thumba n'kunyowa, netiweki inkayenda ngati nkhalamba, ndipo mnzanga wa masamu ankadandaula, koma dzuwa likatuluka zinkabwerera. Anthu odutsa ankaseka mlongoti wovala chipewa, ine ndinalibe nazo kanthu. M'mawa uliwonse, ndisanasukusule n'komwe, ndinkatuluka kukayang'ana m'mwamba. Atsibweni anabwerera kwa anzawo, ndipo tikakumana ankandifunsa moseka ngati wakhungu wanga wadzuka bwino.

Nyengo ya mwera itafika, atsibweni anadwala chifuwa. Tinawatengera kuchipatala ku Mua, ndipo ine ndinapempha tchuthi kuti ndikhale nawo. Ndinkagona pansi pambali pa bedi lawo. Tsiku lina, mawu atayamba kale kuwathawa, anandigwira dzanja n'kufunsa ngati thumba likadalipo. Ndinati lilipo. Ndinanena ndi mtima wonse, chifukwa pochoka ndinalisiya lilipo. Anatisiya m'mawa wa tsiku lotsatira.

Tinafika ndi maliro kumudzi dzuwa likupendeka. Amayi analira, anthu anasonkhana, koma akuluakulu a kudambwe anakhala patali pansi pa mtengo, osabwera kudzandigwira dzanja. Ndinaganiza kuti mwina ndi mwambo umene ine wosalowa sindiudziwa. Kutacha ndinazindikira kuti chifikire sindinamve ng'oma ngakhale imodzi. Maliro a munthu wa gule sakhala chete choncho. Adzukulu anali atapita kale kukakumba, ndipo kuika kunali masana omwewo.

Ndinapita kukagwada pamaso pa mkulu wamfupi uja. Sanandiyankhe moni. Anangoloza ndi milomo cha kusukulu. Ndinatembenuka. Pamwamba pa madenga athu, kambale kaja kanali mbee padzuwa, kopanda chophimba, kakuyang'ana kumanda.

Dzuwa la kuno limadya matumba amenewa mpaka amasanduka fumbi, ndipo mwera unangomaliza. Pambuyo pake ndinamva kuti thumbalo linachoka masiku angapo ndili kuchipatala. Mu mzere wonse wa nyumba zathu panalibe amene anazindikira. Netiweki ikamagwira palibe amene amayang'ana m'mwamba.

"Bambo, ndinali kuchipatala. Ndinali ndi iwo."

"Tikudziwa," anatero mkuluyo. "Koma mawu tinanena pagulu. Sitingawameze."

"Ndiye nditani?"

Anangoyang'ana pansi, ndipo ndinaona kuti nayenso maso ake anali ofiira. Anali atataya mnzake wa kuubwana.

Ndinalowa m'nyumba ya siwa, m'mene munali thupi, amayi atalizungulira. Jekete lofiirira lija linali pa msomali kuseri kwa chitseko. Ndinalitenga osapempha munthu, n'kumasula chingwe choyanikira zovala panja, n'kuyamba kuthamanga. Ine ndine munthu wa thupi, ndipo chibadwire sindinakwerepo ngakhale mtengo wa papaya. Ndikakwera pa desiki kukonza tchati m'kalasi mutu umazungulira. Ndinafika pansi pa mlongoti n'kuyang'ana m'mwamba.

Anamwino anatuluka m'nyumba n'kundigwira mkono. "Aphunzitsi, mugwa. Tingozimitsa, kapena tidule waya."

"Sakuopa waya, amayi. Akuopa diso."

Ndinavula nsapato, jekete ndinalikoleka paphewa, chingwe m'kamwa. Tizitsulo tija tinali tozizira ndiponso topyapyala kuposa mmene tinkaonekera pansi. Mwera unkawomba mlongoti n'kumaupendamitsa, mawaya akulira. Ndinakwera ndikuyang'ana paipi yokha, pafupi ndi mphuno yanga. Nditapitirira denga ndinamva akazi anga, amene ananditsatira, akukuwa pansi, koma sindinayang'ane.

Ndili pafupi ndi nsonga ndinazindikira chinthu chimene sindinachiganizire. Tizitsulo tinali kumbuyo kwa kambale. Kuti ndikaveke, nkhope yanga inayenera kuloza komwe iko kankaloza, ndili pamwamba kupitirira mitengo, ine wosalowa, tsiku limene kudambwe kukanakhala anthu. Ndipo kumudzi, pansi pa mtengo uja, ndinkadziwa kuti maso onse ali pa ine. Ndikanangotukula mutu, ndikanachita ndi maso anga chimene kambaleko sikanachitepo.

Ndinatsinzina. Tizitsulo totsala ndinatikwera mopapasa. Ndinakulunga mkono umodzi pa paipi, dzanja linalo n'kufufuza m'mphepete mwa kambale. Mphepo inalanda jekete, ndinaligwira ndi mano. Linkanunkha fodya ndi utsi, fungo la atsibweni lenileni, ndipo misozi inayamba kutuluka m'maso otsekawo. Ndinaveka kambale ngati mmene umavekera mwana, ndinakoka manja a jekete kumbuyo n'kuwamanga, kenako ndinazunguliza chingwe mpaka chinatha. Phazi linaterereka kamodzi, bondo n'kumenya chitsulo, ndipo ndinaitana mayi anga amene anamwalira kalekale. Koma maso sindinatsegule mpaka phazi langa litagunda malata a denga.

Ndinabwerera kumudzi ndikutsimphina, buluku litang'ambika, magazi akutsika m'mwendo. Ndinakakhala pansi pamaso pa akuluakulu aja. Mkulu wamfupi anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Kutali kuja nkhope sitinaione," anatero. "Koma manja tinawaona. Munthu wopenya sapapasa choncho."

Sananene kuti inde, sananene kuti ayi. Anangoti ndipite ndikakhale ndi abale anga, ndine wofedwa. Kenako anadzuka mmodzimmodzi n'kulowera kuseri kwa nyumba.

Dzuwa linafika pamutu. Adzukulu anatumiza uthenga kuti manda atha. Bokosi linatulutsidwa pabwalo, amayi akulira motopa, ndipo anthu ankangoyang'anana. Mkulu wa mpingo wathu, amene anabwera kudzandipepesa, anandinong'oneza kuti ngati ndifuna akhoza kuyambitsa nyimbo kuti malemu asapite chete. Ankanena ndi mtima wabwino, koma ndinamva ngati wandibaya. Ndinamupempha adikire pang'ono. Adzukulu anagwira bokosi. Ndinayang'ana kumanda, mitengo yokhayokha ikugwedezeka ndi mwera, ndipo ndinayamba kuganiza za funso lomaliza la atsibweni ndi yankho lomwe ndinawapatsa.

Ng'oma inayamba imodzi, chapansipansi, moti ndinayesa ndi mtima wanga. Kenako inalowa ina, ndi ina. Kuchokera m'mitengo muja kunamveka mfuu imene aliyense wobadwira kuno amaidziwa, ndipo ana anabalalika. Amayi amene ankalira aja anadzuka, n'kumanga zitenje, n'kuyamba kuomba m'manja ndi kuimba. Fumbi linakwera m'njira ya kumanda. Zilombo zinatulukira, osati chimodzi kapena ziwiri, ndipo zinazungulira bokosi la mnzawo.

Ine ndinasunthira kumbuyo, kumene timaima osalowa, pamodzi ndi akazi anga ndi anamwino. Ndinalira mokweza ngati mwana, osasamala kuti ana a m'kalasi langa akundiona. Kumandako sindinaloledwe kufika mpaka zonse zitatha, ndipo sindinadandaule. Atsibweni anapita ndi anzawo.

Masiku ano kambale kaja timakaphimba ndi lona yolimba, ndipo msodzi uja amabwera kudzayang'ana zingwe mwera usanayambe. Pomanga lonayo anandifunsa ali pamwamba ngati atsitse jekete kuti ndisunge. Ndinamuuza kuti alisiye momwemo, amange pamwamba pake.